VPN sikuthodwa ndi katundu wa BitTorrent

Pali nkhani yomwe yafala pakati pa okonda kugawana mafayilo pa intaneti: akuti makampani a VPN sangathe kusenza katundu wa BitTorrent, ndipo tsiku lomwe aliyense adzayambe kubisala kumeneko, maseva awo adzagwa chagada. Akuti mphamvu ya BitTorrent, yomwe Bram Cohen anaitulutsa mu 2001, ili poti aliyense wokopera fayilo amagawirako anzake tizidutswa, choncho palibe kompyuta imodzi yosenza zonse. Ukaikapo VPN, wabwezeretsa khomo limodzi lopanikiza.

Ife tikuti ayi. Ambiri onena izi akusokoneza VPN ndi Tor. Tor imayendera makompyuta a anthu ongodzipereka, ndipo uthenga uliwonse umadutsa pa makompyuta atatu usanatuluke. Eni ake anachenjeza poyera mu 2010 kuti BitTorrent isalowemo, chifukwa imalemetsa njira komanso imatha kuulula adiresi ya munthuyo. Pamenepo dandaulo lilipodi.

VPN yolipira ndi bizinesi. Makasitomala akachuluka ndalama nazo zimachuluka, kampani n'kuchita lendi maseva ena, monga momwe mwini minibasi amagulira ina akaona kuti anthu akutsala pa siteji. Mullvad ya ku Sweden yakhala ikulipiritsa mayuro 5 pamwezi kuyambira 2009, ndipo sinatseke BitTorrent poopa kulemedwa. Nayo ntchito yobisa uthenga, yomwe kale inkachedwetsa makina, inapepuka kwambiri WireGuard, njira yatsopano yolumikizira VPN, italowa mu Linux mu 2020.

Chomwe chikupanikiza makampaniwa ndi milandu. Mu 2022 kampani ya VPN ya TorGuard, itasumiridwa ndi opanga mafilimu, inavomera kutseka BitTorrent pa maseva ake a ku United States. Masevawo sanathodwe. Maloya ndiwo anafika pakhomo.

Chaka chotsatira Mullvad inachotsa port forwarding, njira yotsegulira port kuti ena athe kufikira kompyuta yako, ponena kuti ena ankaigwiritsa ntchito pa zauve mpaka apolisi kumafunsa ndiponso eni maseva kuthetsa mapangano. Apa m'pomwe wogawana mafayilo amamvadi kuwawa, ndipo mwina m'pomwe mphekeserayi ikuchokera. Popanda port yotseguka, kompyuta yako imatha kuimbira anzako koma iwo sangakuimbire. Mukakumana awiri otsekeredwa chimodzimodzi, nthawi zambiri simulumikizana. Pa fayilo yotchuka, yokhala ndi ogawa mazanamazana, suonapo kusiyana. Koma yesani fayilo yakale yomwe yangotsala ndi ogawa awiri: kamzere kamaima pa 0, munthu n'kuyamba kutukwana VPN kuti yalephera, pomwe sevayo ikungokhala phee, katundu mulibe.

Ndiye musanalipire, musafunse kaye za kuchuluka kwa maseva komwe amadzitama nako pa malonda. Funsani ngati amalola BitTorrent, m'maiko ati, komanso ngati port forwarding ikadalipo. Za VPN yaulere musavutike nazo: Proton VPN, mwachitsanzo, imasungira BitTorrent okhawo olipira.