Kabala ka kuseri kwa Kilmarnock Road

M'chaka cha 2022 magazini ya Time Out inaika Shawlands pa nambala 11 pakati pa madera amene ali m'fasho padziko lonse lapansi. Eni dera lino, kummwera kwa mzinda wa Glasgow, ena ananyadira, ena anangoseka, koma ochita lendi anagwira m'mutu podziwa kuti eni nyumba nawonso amawerenga magazini. Chimene chinakopa alembiwo n'chimene aliyense amaona akangotsika basi pa Shawlands Cross: malo omwera khofi, mabekale, malo odyera zakudya za mitundu yonse mumsewu wa Kilmarnock Road ndi wa Pollokshaws Road, ndiponso paki ya Queen's Park chapafupi pomwepo. Ngakhale mabala akuluakulu a m'mbali mwa misewu iwiriyi, monga The Granary ndi Corona, amaoneka osamba ndi odzola.

Lero tikhote, tisiye msewu waukulu. Kuseri kwake, m'timisewu tosadutsa basi, mukadali timabala takalekale timene magazini sajambula. Timeneti tikugwira ntchito imene kwathu ku Malawi imagwiridwa ndi mudzi wonse popanda malipiro, pomwe kuno munthu amailipira ndi thumba, nthawi zina ndi chiwindi chomwe.

Kabala kotere kamakhala pakona, pansi pa nyumba zosanja za miyala yofiira zimene mzinda wa Glasgow umadziwika nazo. Mawindo ake ndi a galasi losaonetsa zamkati, kuti wodutsa asawerenge amene alimo. Mukakankha chitseko mumapeza kauntala yathabwa yosalala ndi zigongono za agogo, atate ndi ana, mabotolo a whisky atandandalikidwa kutsogolo kwa kalilole, kapeti yoti mtundu wake unaiwalika, ndi TV yoonetsa mpikisano wa akavalo. Nyimbo mulibe, zikakhalamo ndiye zapansipansi. Chotafuna ndi mtedza ndi tchipisi cha m'mapaketi basi. Ambiri amamwa lager ya Tennent's, imene yakhala ikufulidwa ku Wellpark, kummawa kwa mzindawu, kuyambira 1885.

Khalani pakona masana a pakati pa sabata muone. Mdala akulowa, akukutumula ambulera, ndipo asanavule n'chipewa chomwe mayi wogulitsa watsitsa kale matambula awiri: katoti ka whisky ndi theka la pint ya mowa. Palibe wafunsa, palibe waitanitsa. Mdalayo amadontheza timadzi m'katotimo kuchokera m'kajagi ka pakauntala, n'kumamwa mosathamanga. Akamaliza amazondotsa katambulako pamwamba pa mowa uja kuti dontho lotsiriza lisapite pachabe. Mpando wake ndi womwewo chaka ndi chaka, ndipo mlendo akaukhalira mosadziwa amangomva bala yonse ikutsokomola.

Tsono mdalayo asaoneke kwa masiku angapo. Mayi uja amayamba kufunsa: “Kodi bambo aja okhala chakukhomo mwawaonako?” Akasowa woyankha, amatuma mmodzi wa makasitomala kuti akagogode kunyumba kwawo. Ndinazionapo zimenezi. Wotumidwayo anavundikira mowa wake ndi kakatoni, n'kutuluka mvula ikuwaza, ndipo anabwerako ndi uthenga woti madalawo chawagwira chifuwa, akufuna mkaka ndi buledi. Ndalama yake inachokera m'matumba a anthu anayi amene anali pakauntala.

Wowerenga ali ku Ndirande kapena ku Mchesi adabwa kuti nkhani ili pati pamenepa. Kwathu mukangochedwa kutsegula chitseko, woyandikana nanu wafika kale ndi “Odi kuno, kwacha bwanji?” Kuno zinthu n'zosiyana. Kalembera wa 2022 anasonyeza kuti ku Scotland nyumba zoposa imodzi mwa zitatu zilizonse mumakhala munthu mmodzi yekha. Anthu okwera masitepe amodzi akhoza kutha zaka akungogwedezerana mutu. Mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, kunja kumazizira koopsa, ndipo kutenthetsa nyumba kumadya ndalama ya penshoni. Kwa nkhalamba yoferedwa mkazi, imene ana ake ali ku London kapena ku Australia, kabala ndi malo okhawo ofunda kumene dzina lake limatchulidwa tsiku limenelo. Kali kokha n'kanyama, akulu ananena, ndipo m'kabalamo munthu amachira ku matenda a kusungulumwa. Uthenga wa maliro umamveka momwemo, chipepeso chimasonkhedwa momwemo, wofuna kalipentala kapena wokonza mipope amamupeza momwemo.

Mbiri ya Glasgow imasonyeza kuti akuluakulu a mzinda akhala akulimbana ndi malo amenewa kuyambira kale. M'chaka cha 1890 khonsolo inalamula kuti pamalo ake pasamangidwe bala, ndipo lamulolo linakhala mpaka 1969. N'chifukwa chake madera aakulu amene khonsolo inamanga nkhondo yachiwiri itatha, monga Castlemilk, anakhala zaka zambiri opanda bala ndi imodzi yomwe. Anthu sanasiye kumwa. Ankakwera basi kubwerera kumadera awo akale kumene anasiya anzawo. Lisanabwere lamulo la 1976, mabala a ku Scotland ankatseka 10 koloko usiku ndipo Lamulungu sankatsegula. Zotsatira zake, abambo ankamwa chiimire, maso ali pawotchi, kupapira mwaliwiro kuti belu lotsekera liwapeze atakhuta. Kamwedwe kothamanga kameneka kanasiya zipsera zimene zikuonekabe.

Walira mvula walira matope, ndipo timabala timeneti tili ndi matope ake. Choyamba ndi raundi. Mukakhala pagulu, mmodzi amagulira onse, kenako wina, mpaka mzere utazungulira. Kwathu timadziwa kuponya raundi, koma kwathu wa ndalama ndiye amaponya, ena n'kumathokoza. Kuno ndi ngongole ya ulemu imene aliyense ayenera kubweza usiku womwewo, ndipo wothawa nthawi yake isanakwane mbiri yake imamutsata mpaka kumanda. Madokotala akuluakulu a boma la United Kingdom analangiza mu 2016 kuti munthu asapitirire mayuniti 14 pa sabata, amene ndi ma pint ngati 6 a mowa wamphamvu yapakatikati. Ndiye kuti gulu la anthu 6 likazungulira kamodzi kokha, aliyense watha gawo la sabata yonse asanadye n'chakudya chamadzulo. Amene amafuna kumwa awiri okha amamwa asanu ndi umodzi pofuna kusunga chibale.

Manambala ake ndi owawa. Mu 2023 anthu 1,277 anamwalira ku Scotland ndi matenda obwera ndi mowa mwachindunji, chiwerengero chachikulu koposa kuyambira 2008, ndipo ambiri mwa iwo anali amuna, pomwe madera osauka ndiwo anakhudzidwa kwambiri. Mpando uja umene bala imasungira mwini wake, nthawi zina umatsala wopanda munthu zaka khumi nthawi isanakwane. Anzake amasonkha za nkhata, amamwa pomukumbukira, ndipo palibe amene amatchula chimene chamutenga.

Chachiwiri ndi chitseko. Malo amene amadziwa anthu ake onse amadziwanso msanga amene si wawo. Mukalowa koyamba, nkhani zimaduka, mitu imatembenuka, ndipo pakati pa khomo ndi kauntala pamatalika. Amayi a ku Glasgow amaidziwa bwino njira imeneyi. Kwa zaka zambiri timabala timeneti tinali ta amuna okhaokha, ndipo ngakhale lamulo loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi linabwera mu 1975, malo ena anatenga zaka zinanso makumi awiri asanamange chimbudzi cha amayi. Kusamangako kunali kunena mosatsegula pakamwa kuti musabwere. Palinso nkhani ya mpira. Pazitseko zambiri pamalembedwa kuti musalowe mutavala malaya a timu, chifukwa kuno Celtic ndi Rangers sizili ngati Bullets ndi Wanderers, zimene anthu amanyogodolana n'kukwera minibasi imodzi. Pansi pa matimu awiriwa pali mkangano wakale wa Akatolika ndi Apulotesitanti, ndiponso wa Ireland ndi Britain. Munthu akakufunsani sukulu imene munaphunzira, nthawi zina akufuna kudziwa tchalitchi chanu.

Ife a khungu lakuda timalowa ndi katundu wathu wapadera. Mukanena kuti kwanu ndi ku Malawi, nkhope zambiri zimamasuka, chifukwa dzinali si lachilendo kuno. Blantyre weniweni, kwawo kwa David Livingstone, ali pafupi ndi Glasgow. Jack McConnell, amene ankatsogolera boma la Scotland, ndi Bingu wa Mutharika anasaina mgwirizano wa Scotland ndi Malawi mu 2005, ndipo matchalitchi ndi masukulu ambiri ali ndi anzawo kwathu. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba kuphikira ana phala ku Malawi mu 2002, ndi lochokera konkuno ku Scotland. Choncho mowa woyamba mukhoza kugulidwa. Koma m'kabala kena bambo wina atakhuta anandigwira paphewa n'kulengeza kwa onse kuti iye wakhala akudyetsa ana a kwathu kwa zaka zambiri, ndiye ine ndimugulire. Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Amene anamudula anali mayi wogulitsa, ndi mawu awiri okha, ndipo bamboyo anatenga jekete lake. M'malo otere chitetezo cha mlendo chili m'manja mwa amene waima kuseri kwa kauntala. Akakhala wolimba mtima, bala imakhala yabwino. Akakhala wamantha, musabwererenso.

Timabala timeneti tikutha. Lamulo loletsa kusuta fodya mkati linayamba pa 26 March 2006, ndipo linatulutsa madala ambiri kukaima pamphepo, ena osabwereranso. Mu December 2014 mlingo wa mowa wololedwa m'magazi a woyendetsa galimoto unatsitsidwa kuchoka pa mamiligalamu 80 kufika pa 50. Mliri wa Covid-19 unatseka zitseko mu March 2020, kenako mitengo ya magetsi ndi gasi inakwera. Achinyamata ambiri amakonda khofi wa pa Kilmarnock Road kapena malo olimbitsira thupi. Kabala kakatsekedwa kamasanduka malo odyera kapena nyumba zogona, ndipo sikabwereranso.

Alipo amene amati zithe, n'zauchidakwa. Ndimawamva, makamaka amayi ndi ana amene anakula akudikira malipiro a Lachisanu amene ankathera pakona. Koma kutseka kabala sikutseka mmero. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mowa wogulitsidwa ku Scotland amagulidwa m'masitolo n'kukamwedwa kunyumba. N'chifukwa chake boma linakhazikitsa mtengo wotsikitsitsa wa 50p pa yuniti kuyambira pa 1 May 2018, n'kuukweza kufika pa 65p mu September 2024. Lamuloli linalunjika pa mabotolo otchipa a m'sitolo, poti mowa wa m'bala unali kale pamwamba pa mtengowo. M'bala muli muyeso wa toti, muli belu lotsekera, ndipo kugulitsa mowa kwa munthu woledzera kale ndi mlandu. M'chipinda cha munthu yekha mulibe womuuza kuti zakwana, mulibenso wodzagogoda akapanda kudzuka.

Pamenepa m'pamene ndimaganiza za kwathu. Ku thaveni ya Chibuku, pa mayi wa masese, ngakhale ku Bwandilo ku Area 47, kucheza ndi kudziwana tili nako kokwanira, sitisowa kukaphunzira kwa Asikoti. Chimene tikusowa ndi malire. Shabini imatsegula tambala asanatsike, kachasu alibe muyeso wa mphamvu yake, mwana wa yunifolomu amagulitsidwa, ndipo woledzera amathiriridwabe malinga ngati dzanja likufika m'thumba. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma unabwerera m'timabotolo. Malamulo a malayisensi ndi nthawi yotsekera alipo m'mabuku a makhonsolo athu. Chosowa ndi wogulitsa amene akudziwa kuti akawaphwanya alandidwa layisensi, ndi khonsolo yoti ilandedi.

Kwa eni timabala ta kuseri kwa Shawlands, njira yopulumukira ndi kukulitsa chimene ali nacho kale. Ketulo ya tiyi ikhale pakauntala, mowa wosaledzeretsa ukhale m'firiji, kuti mdala amene dokotala wamuletsa asataye mpando ndi anzake pa tsiku limodzi. Wolowa koyamba, kaya ndi mayi, kaya ndi Mpakistani wa ku Pollokshields, kaya ndi namwino wa ku Mzimba wochokera kushifiti, alonjeredwe asanafike pakauntala.

Kwa inu abale anga amene mwafika kumene ku Glasgow, kukhala m'nyumba n'kumangoyang'ana WhatsApp nyengo yonse yozizira kumadwalitsa. Lowani m'kabala ka m'dera lanu masana, anthu asanakhute. Funsani ngati mpando uli ndi mwini musanakhale. Za Celtic ndi Rangers nenani kuti inu ndi wa Flames. Raundi ikanireni poyambirira penipeni, mwaulemu, kuti mudzigulira nokha, chifukwa mukalandira tambula yoyamba mwalowa kale m'chipereganyu chimene simutulukamo mpaka belu litalira.