Za Mabuku: Dziko Linalo Lili ndi Eni Ake

Mwezi uno tiyeni tikambirane za nkhani zopeka zimene olemba amazimanga pa nzeru za sayansi, makamaka zija zonena za munthu wochoka m'dziko lino kulowa m'dziko lina lofanana nalo. Sitikunena za ulendo wa ku mwezi ayi. M'dziko linalo muli mapiri omwewa ndi mitsinje yomweyi, inu nomwe mulimo, koma pa mphambano ina ya moyo munatsata njira yosiyana.

Ganizo limeneli si la dzulo. Mu 1934 Murray Leinster wa ku America analemba nkhani yotchedwa Sidewise in Time, ndipo mu 1957 Hugh Everett, wophunzira pa Princeton, ananena kuti mwina chilengedwe chimachita nthambi nthawi iliyonse imene tinthu tating'onoting'ono tingathe kuyenda mwa njira ziwiri. Kufikira lero palibe amene anaziona nthambizo, ndipo akatswiri sagwirizana. Chotero mabukuwa tiwawerenge monga timamvera nthano za Kalulu.

Nanga amakoka mtima chifukwa chiyani? Ndiyesa chifukwa cha liwu lija lakuti "ndikadadziwa". Ambiri a ife tinathawira nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu, tinabwerera mtendere utadza mu 1992, koma abale ena anatsalira komweko. Ndani sanadzifunsepo usiku kuti, ndikadatsala ndine, bwenzi ndili yani lero? Mabukuwa amatenga funso limenelo naliikira chitseko.

Komatu olemba anzeru salola kuti munthu awoloke mwaulere. M'buku la Isaac Asimov la mu 1972, The Gods Themselves, anthu apeza makina osinthanitsa zinthu ndi chilengedwe china chimene malamulo ake ndi osiyana ndi athu, ndipo pakutero akupeza mphamvu ya magetsi yosatha, yopanda utsi. Katswiri wina, Peter Lamont, azindikira kuti kusinthanako kudzaphulitsa dzuwa. Akuluakulu akana kumumvera, pakuti ndani afuna kuzimitsa nyale yaulere? C. S. Lewis, amene ambiri timamudziwa ndi mabuku ake a chikhristu, anaonetsa zofananazo m'nthano ya ana ya mu 1955, The Magician's Nephew: mnyamata Digory aliza belu m'dziko lakufa chifukwa cha chidwi chabe, adzutsa mfumukazi yoipa, ndipo iyo imutsatira mpaka ku London.

Buku limene ndifuna kukhalitsapo ndi Dark Matter la Blake Crouch, la mu 2016, limene m'Chipwitikizi likutchedwa Matéria Escura. Ndichenjezeretu kuti muli chiwawa. Si la ana a Sande Sukulu. Jason Dessen ndi mphunzitsi wamba wa sayansi ku Chicago. Zaka 15 zapitazo bwenzi lake Daniela linaima, iye nasiya kafukufuku amene akadamutchukitsa kuti alere banja. Usiku wina munthu wobisa nkhope amugwira, ndipo adzidzimuka ali m'dziko limene iye ndi katswiri wolemekezeka, koma Daniela si mkazi wake ndipo mwana wawo Charlie sanabadwe konse.

Womubayo ndani? Ndi Jason yemweyo, uja amene pa mphambano ija anasankha ntchito nasiya mkazi. Anapeza ulemu wonse, koma mtima sunakhale pansi, ndipo anapanga bokosi lolowera m'maiko ena kuti akalande nyumba ya mnzake. Apa ndi pamene nkhaniyi inandigwira. Ife tizolowera kumva lamulo lakhumi la pa Eksodo 20 likutiletsa kusirira za mnansi; wolembayu, ngakhale sakulalikira, wafunsa chinthu chimene sindinachiganizepo, chakuti nanga mnansi wosiriridwayo akakhala iwe mwini? Wosirirayo aiwala kuti moyo umene akuulakalaka uli kale ndi mwini wake, amene anadzuka usiku mwana akudwala, amene anapirira malipiro ochepa zaka zonsezo. Iye afuna kukolola m'munda umene sanalime. Ndipo taonani, Jason wobedwayo nayenso masiku ena ankalakalaka ulemu umene anausiya. Ataupatsidwa wonse, sanafune china koma kubwerera pa khomo pake.

Bukuli lili ndi zofooka. Mbali zina zikuthamanga ngati kanema, ndipo Daniela sanapatsidwe mawu okwanira. Koma chakumapeto wolemba achita chinthu chodabwitsa. Popeza njira iliyonse imene Jason anasankha pa ulendo wake wobwerera inabala Jason wina, ku Chicago kufika ma Jason ambirimbiri, aliyense atavutika, aliyense akunena zoona kuti mkaziyo ndi wake. Nyumba ndi imodzi. Pomaliza Daniela aima ndi mmodzi, uja amene anayamba kumufikira namuuza zonse, ndipo atatuwo asiya nyumba, mzinda ndi zonse anali nazo, nalowa m'bokosi muja. Pofika posankha khomo lotulukira, bambo ndi mayi aima pambuyo, nauza mwana wawo Charlie kuti atsegule ndiye.