Dulani chithunzi, koma sungani chathunthu

Mphunzitsi wajambula chithunzi pamsika ndi foni yake kuti akaphunzitsire aneni. M'kalasi akufunsa kuti, "Mayiwa akutani?" Mwana wina akutchula njinga, wina mbuzi, wina akuwerenga chikwangwani chomwe chili kumbuyo. Anawa sanalakwe. Chithunzicho chadzaza zinthu, ndipo diso likusowa pokhazikika.

N'chifukwa chake ndimalimbikitsa aphunzitsi a ziyankhulo kuzolowera kudula m'mbali mwa zithunzi. Mafoni ambiri ali ndi batani la ntchitoyi lolembedwa kuti Crop. Musanadule, dzifunseni: kodi ndikufuna kuti ophunzira aone chiyani poyamba? Ngati mneni wa tsikulo ndi "kuunjika", siyani mayiwo, manja awo ndi milu ya tomato. Ojambula amagawa chithunzi ndi mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa, n'kuika chinthu chofunika pomwe mizereyo yakumana. Koma musadule mopitirira, chifukwa kachigawo kakang'ono mukakakulitsa kamatuluka mbuu pa fotokope. Ndi bwino kuyandikira pojambula pomwepo.

Komabe kudula sikungokongoletsa chithunzi. Wodula amasankha amene aoneke ndi amene asowe. Mu Januwale 2020, ku Davos m'dziko la Switzerland, atsikana asanu omenyera nkhondo nkhani ya kusintha kwa nyengo anajambulidwa pamodzi. Bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linatulutsa chithunzicho litadula Vanessa Nakate wa ku Uganda, n'kutsala anayi achizungu, kuphatikizapo Greta Thunberg. Poyamba bungwelo linati cholinga chinali choti chithunzi chioneke bwino, popeza nyumba yomwe inali kumbuyo kwa Nakate inkasokoneza maso. Pambuyo pake linapepesa. Chifukwa chomwe linapereka n'chomwecho chimene ife timadulira zithunzi zathu.

Choncho maganizo anga ndi akuti tizidula, koma tizibwera m'kalasi ndi zithunzi zonse ziwiri. Yambani ndi chodulidwa kuti mawu atsopano akhazikike. Kenako funsani kuti, "Mukuganiza kuti pambali pa mayiwa pali ndani?" Ophunzira akapereka maganizo awo, aonetseni chathunthu. Mwina aona mwana wa msinkhu wawo akuthandiza kugulitsa nthawi ya sukulu, ndipo nkhani yasintha. Apa ayamba kugwiritsa ntchito mawu ngati "mwina", "ndimayesa" ndi "koma", omwe savuta kuwatanthauzira koma amavuta kuwapezera mpata woti ana awayankhule.

Ena anena kuti m'kalasi yodzaza nthawi siilola. N'zoona kuti nthawi ndi yochepa, koma ntchitoyi ndi ya mphindi zowerengeka. Ophunzira athu akulandira kale zithunzi zodulidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, popanda wowauza kuti zadulidwa. Ngati sitiwaphunzitsa m'kalasi kufunsa za amene wachotsedwa pachithunzi, akaphunzira kuti?