Mickey Mouse pa khoma la sukulu ya mkaka

M'matauni ambiri a ku America ndi ku Ulaya, anthu a dera limodzi amasonkhanitsa zithunzi zimene ajambula pamanja n'kukazikoloweka mu laibulale kapena mu holo ya m'deralo kuti aliyense adzaone. Ambiri mwa ojambulawo si akatswiri otchuka ayi. Ndi aphunzitsi, anamwino, ana a sukulu, agogo opuma pa ntchito. Pa zionetsero zoterezi nthawi zina pamapezeka makatuni a paubwana: Mickey Mouse, Popeye, Tom ndi Jerry, onse atapakidwa utoto wowala ngati wa pa paketi ya sopo. Kajambulidwe kameneka amakatcha pop art.

Ena akamva zimenezi amaseka, amati munthu wandevu zake angataye bwanji penti pojambula mbewa yovala kabudula. Kuseka kumeneku si kwa lero. M'chaka cha 1961, mphunzitsi wa zojambula wa ku New Jersey, Roy Lichtenstein, anatenga chithunzi cha m'kabuku ka ana, chosonyeza Donald Duck akuwedza nsomba mbedza itakola chovala chake chomwe, Mickey ali pambali kubisa phwete. Anachikulitsa pa nsalu n'kuchitcha Look Mickey. Chaka chomwecho Andy Warhol anaika zithunzi zake za Superman ndi Popeye pa windo la sitolo ya zovala ya Bonwit Teller ku New York. Pofika 1964, magazini ya Life inafunsa poyera ngati Lichtenstein sanali wojambula woipitsitsa m'dziko lonse la America. Lero Look Mickey ili mu National Gallery of Art ku Washington, ndipo chithunzi chake china, Masterpiece, chinagulidwa pa mtengo wa madola 165 miliyoni mu 2017.

Ndalamazo zisatitseke m'maso. Zithunzi zambiri zimene Lichtenstein ankakulitsa zinali ndi eni ake, amisiri ojambula timabuku ta nthano za nkhondo ndi za chikondi, amene ankalipidwa pa tsamba, tsamba likatha basi. Whaam!, chithunzi cha ndege ikuphulitsa inzake chimene chili ku Tate ku London, chinachokera pa ntchito ya Irv Novick. Mnzake Russ Heath, amenenso ntchito yake inatengedwa, anakalamba akudalira thandizo la bungwe losamalira ojambula ovutika. Mayina awo sanalembedwe pansi pa nsalu zodulazo.

Tsono imvani mbali ina. Mu 1989, kampani ya Disney inalamula sukulu za mkaka zitatu za ku Hallandale, m'chigawo cha Florida, kuti zifute Mickey, Minnie ndi Goofy amene anajambulidwa pa makoma awo, apo ayi zikaonana ku khoti. Sukuluzo zinagonja, ndipo kampani ina ndiyo inabwera kudzajambulapo Fred Flintstone ndi Scooby-Doo. Mwalamulo Disney sinalakwe, pakuti katunduyo ndi wake. Komabe munthu umadabwa kuti mbewa yomweyo ikakhala pa nsalu ya munthu wotchuka imatchedwa luso, ikakhala pa khoma la ana imatchedwa kuba. Pa 1 Januwale 2024 umwini wa Mickey woyamba, wa mu filimu ya 1928 ya Steamboat Willie, unatha ku America patadutsa zaka 95, ndipo chaka chotsatira zinateronso ndi Popeye wa mu 1929. Koma chenjerani, amene anamasuka ndi Mickey wakale uja. Wamasiku ano akadali m'khola la Disney.

Nkhaniyi ikutikhudza kuno kwathu kuposa mmene tingaganizire. Yendani mu Ndirande, mu Kawale kapena mu Chibavi, muwerenge sukulu za mkaka zimene pa mpanda pake palibe Mickey Mouse. Muzipeza zochepa. Amene amamujambula ndi mmisiri yemwe uja wolemba zikwangwani za magolosale, wojambula mitu pa khomo la malo ometera, wolemba mayina kumbuyo kwa minibasi. Amagwiritsa ntchito penti wa nyumba, nthawi zina wotsalira pa ntchito ina, ndipo Mickey wake satuluka ngati wa ku California. Khutu lina limakula, mimba imatuluka, nsapato zimafanana ndi za sukulu, pambali pake pali A, B, C ndi nthochi. Ambiri amati mmisiriyo walephera kukopera. Ife tikuti pamene wasiyanitsa paja ndi pamene pali dzanja lake, ndipo n'zomwezo zimene anthu a ku New York amalipira mamiliyoni kuti aone. Lichtenstein naye sankakopera ndendende. Ankachotsa zina, kusintha mitundu, kusuntha anthu.

Kusiyana kwake n'koti mmisiri wathu salemba dzina lake, akalemba ndiye nambala ya foni pakona. Mvula ikagwa kawiri chithunzi chasuluka, mwini sukulu waitana wina wotchipa, ntchito yafafanizika. Palibe amene anaijambula ndi kamera, palibe amene anamufunsa kuti anaphunzira kuti. Apa ndi pamene chionetsero cha m'dera chili ndi phindu. Sichifuna nyumba yagalasi. Holo ya tchalitchi, kalasi Loweruka kapena khonde la laibulale ndi zokwanira, bola chithunzi chilichonse chikhale ndi kapepala ka dzina la wojambula ndi mtengo wake. Mwana akaona kuti amalume a pa msika aja dzina lawo lili pa khoma, anthu akuima n'kumakambirana za ntchito yawo, amayamba kuona pensulo yake mwa mtundu wina.

Koma pali funso limene okonza chionetsero chotere ayenera kuyamba nalo: ubwana wake wa ndani? Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Anzathu a ku Zambia anali nayo kalekale, koma Mmalawi amene anakula chaka chimenecho chisanafike, makamaka kumudzi, sanadzukepo m'mawa kukaonera Tom akuthamangitsa Jerry. Mickey anakumana naye pa malaya a pa kaunjika kapena pa chikwama cha mwana wa abwana. Makatuni ake enieni anali a m'nyuzipepala yobwerekana, Pewani wa Brian Hara ndi Joza wa Vic Kasinja, kuphatikizapo Kalulu, Fisi ndi Kamba amene ankawaona ndi makutu agogo akamasimba nthano madzulo. Obadwa pambuyo pake ali ndi awo: Supa Strikas wochokera ku South Africa, ndi ena onse a pa dishi ndi pa foni. Chionetsero chodzaza ndi Mickey yekhayekha chingakhale chikusimba ubwana wa anthu ena. Chokhala ndi Mickey wa pa malaya ong'ambika a kaunjika, ataima pafupi ndi Pewani, chingasimbe wathu.

Ndipo tikatenga Pewani kapena Joza, tisachite zimene anachitiridwa Novick ndi Heath. Dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA lilipo. Ambiri timalidziwa pa nkhani za oimba okha, koma lamulolo limatetezanso ojambula. Wofuna kugulitsa chithunzi chochokera pa katuni ya Mmalawi mnzake ayambe wapempha kwa mwini wake kapena kwa abale ake, dzina la woyambitsayo lilembedwe pa kapepala kaja, ndipo chithunzicho chikagulidwa, gawo la ndalama lipite kumeneko.