Spider-Man wa mkazi ndi ana awiri akutha, ndipo ine ndikuti athe ndithu

Kampani ya Marvel yalengeza kuti dziko la Ultimate, lomwe inalidzutsa mu 2023, litsekedwa mu 2026. Buku la Ultimate Spider-Man lithera pa nambala 24, ndipo mabuku anzake onse nawo akulongedza katundu. Okonda makomiki ambiri akwiya. Funso lawo ndi lomveka: chinthu chikuyenda malonda chonchi, anthu akuchikonda chonchi, mukuchitsekeranji? Ine ndaima kwina. Chitsekedwe basi. Nkhawa yanga ili pa zimene Marvel ichite ikatseka chitsekocho.

Ambiri a ife Spider-Man tinamudziwira m'mafilimu, ndiye ndiyambe ndafotokoza pang'ono. Peter Parker anatulukira koyamba mu 1962, m'manja mwa Stan Lee ndi Steve Ditko, ali mnyamata wa kusekondale. Lero papita zaka zoposa 60, koma m'buku lake lalikulu la Amazing Spider-Man akadali mbeta yosowa ya lendi, yochedwa kuntchito, yokanika kusunga chibwenzi. Sikuti sanakwatirepo ayi. Mu 1987 anamanga ukwati ndi Mary Jane Watson, ndipo banjalo linakhala zaka 20. Kenako mu 2007, m'nkhani yotchedwa One More Day, azakhali ake a May atawomberedwa ndi mfuti, Peter ndi Mary Jane anapereka ukwati wawo kwa chiwanda chotchedwa Mephisto kuti gogoyo apulumuke. Ukwati unafufutidwa ngati sunachitikepo. Amene anali mkonzi wamkulu nthawiyo, Joe Quesada, sankabisa maganizo ake: ankaona kuti banja likumukalambitsa Peter, ndipo achinyamata sangadzione mwa iye.

Tangoganizani inuyo. Mwatsatira munthu zaka 20, mwamuona akukula, wina n'kungobwera ndi labala. Pali anthu amene mpaka lero sanakhululuke.

Ndiye mu Januwale 2024 kunabwera Ultimate Spider-Man watsopano, wolembedwa ndi Jonathan Hickman, zithunzi zambiri akujambula Marco Checchetto. Muno Peter ali ndi zaka 35. Ali ndi mkazi, Mary Jane yemwe uja, ndi ana awiri, Richard ndi May. Kangaude sanamulume ali mnyamata, chifukwa munthu wina woipa wotchedwa Maker anabwerera m'mbuyo mu nthawi n'kutchinga njira zonse zimene ngwazi zikanabadwira. Peter wakula bwinobwino, ali pantchito ku nyuzipepala ya Daily Bugle, koma mumtima akumva kuti pali chinachake chimene anaberedwa, ngakhale sakudziwa kuti n'chiyani. Uthenga wochokera kwa Tony Stark utamupeza, pamodzi ndi kangaude uja, akusankha yekha kulumidwa. Apa ndiye pagona kukoma kwa bukuli. Mnyamata wa 1962 zinangomugwera. Bambo wa 2024 akudziwa kuti kunyumba kuli anthu atatu omudikira, koma akutambasula dzanja.

Ndipo banjalo silinaikidwemo ngati maluwa a pa tebulo. Woyamba kutulukira chinsinsi cha bambo ndi kamtsikana kaja, May, ndipo ndi iyeyo amene akuthandiza kusankha chovala chofiira ndi chabuluu chimene tonse timachidziwa. Amalume Ben, amene m'nkhani zina zonse amafa koyambirira kuti Peter aphunzirepo kanthu, muno ali moyo. Amene anamwalira ndi azakhali. Ben ndi mnzake J. Jonah Jameson akusiya ntchito ku Daily Bugle chifukwa mwini wake, Wilson Fisk, safuna kuti nkhani zina zifufuzidwe, n'kukayambitsa nyuzipepala yawoyawo. Madala awiri amakani, ndalama zochepa, akulimbana ndi munthu wogula aliyense mumzinda. Kunena zoona, miyezi ina ndinkathamangira masamba a madalawa kuposa a nkhonya.

Nambala yoyamba inasindikizidwa mobwerezabwereza chifukwa inkangotha m'masitolo. Peter wapabanja, amene tinauzidwa kuti sangagulitse, anagulitsa.

Nanga bwanji ndikuvomera kuti zithe? Chifukwa bukuli linabadwa ndi wotchi m'manja. Kumapeto kwa Ultimate Invasion, nkhani ya magawo anayi imene inatsegula dzikoli mu 2023, Maker anatsekeredwa mumzinda wake kwa zaka ziwiri. Kuyambira pamenepo, nambala iliyonse ya mwezi inkaimira mwezi umodzi weniweni m'moyo wa anthuwo. Ife tikafika Disembala, nawonso akudya Khirisimasi. Ana akukula tikuona. Ndipo aliyense akudziwa kuti miyezi 24 ikakwana, chitseko chitseguka ndipo mwini dziko atuluka. Mantha amenewo ndi amene ankapangitsa kuti chakudya chamadzulo cha banja la a Parker chikhale ndi kulemera. Mukachotsa wotchiyo, mwatsala ndi Spider-Man winanso wongozungulira pamalo amodzi ngati mbuzi ya pachingwe.

Komanso tinaziwonapo kale izi. Ultimate woyamba anayamba mu 2000, Brian Michael Bendis ndi Mark Bagley atayambiranso nkhani ya Peter pachiyambi kuti owerenga atsopano asamavutike ndi mbiri ya zaka 40. Zinayenda bwino kwambiri, moti awiriwa anapanga limodzi manambala oposa 100 motsatizana. Koma Marvel sinadziwe poimira. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pofika 2009 dzikolo linali ndi mbiri yakeyake yosokoneza, ndipo pofuna kudzutsa chidwi anatulutsa Ultimatum, momwe Magneto anamiza New York m'madzi ndipo ngwazi zinaphedwa ngati nkhuku za chitopa: Wolverine, Cyclops, Professor X, mpaka Wasp kudyedwa ndi Blob. Kupha kopanda chisoni, kongofuna kuti anthu alankhule. Zitatero dzikolo linakwawa zaka zina zisanu ndi chimodzi mpaka linatsekedwa mu Secret Wars ya 2015. Chabwino chachikulu chimene chinatuluka m'zaka zokwawazo ndi Miles Morales, mu 2011, amene pano ali ndi mafilimu akeake. Koma mmodzi yekhayo sangandiiwalitse mtembo wonsewo.

Ndikudziwa chimene ena anene: zaka ziwiri n'zochepa. Pamenepo sindikutsutsa kwenikweni. Ultimate Wolverine anangoyamba mu Januwale 2025, sanapume n'komwe. Ultimate X-Men wa Peach Momoko, amene anasamutsira nkhaniyo ku Japan n'kuipatsa fungo la nthano zoopsa za kumeneko, akanatha kuyenda ulendo wautali. Chimene chikundiwawa kwambiri ndi The Ultimates ya Deniz Camp ndi Juan Frigeri. Muli Captain America wodzuka n'kupeza dziko la United States linatha kalekale. Muli She-Hulk wochokera pachilumba cha m'nyanja ya Pacific pomwe akuluakulu ankayeserapo mabomba, anthu ake n'kutsala ndi matenda. Ndi buku lofunsa kuti dziko likabedwa ndi anthu ochepa, otsalawo ayambire pati. Mabuku a ngwazi ofunsa zoterezi mosaopa ndi owerengeka.

Pang'ono za ife kuno. Mu Ultimate Black Panther, ya Bryan Hill ndi Stefano Caselli, bungwe la Maker linagawana dziko lapansi patebulo, Africa n'kuperekedwa kwa Khonshu ndi Ra, Wakanda yokha itadzitsekera. Amene munamvetsera m'kalasi za msonkhano wa ku Berlin wa 1884 simufuna wokumasulirani. Bukuli nthawi zina limayenda pang'onopang'ono mpaka kutopetsa, koma funso lake ndi lathu: kodi T'Challa angakhale phee mumpanda mwake anansi akuwotchedwa? Killmonger ndi Storm, amene muno ndi omenyera ufulu, akuti ayi.

Zonsezi zikupweteka kuzitaya. Komabe kulira buku litatha bwino kuli ndi ulemu wake kusiyana ndi kulisiya pakati chifukwa lasanduka phala. Ndipo kwa wowerenga wa pafoni, amene amawerengera bandulo ndi ndalama ya dola asanalipire pulogalamu ngati Marvel Unlimited, nkhani yokhala ndi poyambira ndi pothera ndi mphatso. Mnzako akafunsa kuti ayambire pati, yankho ndi lalifupi: Ultimate Invasion, kenako manambala 24. Yesani kumuuza zomwezo za Amazing Spider-Man, amene manambala ake adutsa 900, muone ngati sathawa.

Tsono nkhawa ija. Marvel ili ndi chizolowezi chotola zonona n'kutaya mkaka. Mu 2015 inatola Miles ndi Maker n'kuwaponya m'dziko lalikulu. Ndikuopa kuti ichitanso chimodzimodzi: itenge zovala zatsopano, mayina awiri atatu ogulitsa zidole, n'kusiya phunziro lenilenilo pansi. Phunzirolo si lovuta. Anthu anathamangira bukuli chifukwa munthu wa m'katimo ankaloledwa kusintha, ndipo zimene wasankha mwezi uno zinkamutsata mwezi wamawa popanda chiwanda chodzafufuta. Anzawo a DC akuoneka kuti anazigwira msanga. Mu Okutobala 2024 anatulutsa Absolute Batman ya Scott Snyder ndi Nick Dragotta, momwe Bruce Wayne alibe chuma, bambo ake anali mphunzitsi, mayi ake ali moyo, iye ndi injiniya wogwira ntchito ndi manja. Nalonso likugulidwa modabwitsa. Koma DC nayo idzafika pamphambano yomweyi, ndipo tidzaona ngati idzakhale ndi mtima woimitsa galimoto ikadali ndi mafuta.

Kwa akonzi a Amazing Spider-Man, chodzikhululukira chija chatha. Simunganenenso kuti Peter wokhala ndi mkazi ndi ana sangagulitse, umboni uli m'masitolo mwanu momwemo. Sindikuti mukopere Hickman. Ndikuti amene anayamba kuwerenga Spider-Man mu 2007 ali ku pulayimale pano ena ali ndi ana awoawo, akulipira fizi, pomwe ngwazi yawo ikadali kupepesa chifukwa yachedwa pa deti.

Nkhondo yomaliza ili mu Ultimate Endgame, yolembedwa ndi Camp yemwe uja. Maker agonje kapena apambane, zimenezo andidabwitse nazo. Chimodzi chokha ndikupempha: asagwire May ndi Richard. Olemba makomiki akafuna kuoneka ozama amathamangira kupha mkazi kapena mwana wa ngwazi, ndipo Peter wazilawa kale zimenezo kuyambira pa Gwen Stacy mu 1973. Akafuna nsembe, atenge chovalacho. Tsamba lomaliza ndikufuna ndione anthu anayi aja ali patebulo, a Ben ndi a Jameson akukangana pakona za mutu wa nkhani ya mawa.