Wailesi Yanu Ifuna Mlonda

Anzanga, ndifuna kunena pang'ono za chinthu chimene makolo athu ambiri sachilabadira. Munthu asunga ndalama miyezi yambiri kuti agule wailesi yakanema, dikoda ndi zokuzira mau, koma akaona kabokosi kochinjiriza zinthuzo ati nkutaya ndalama. Ine ndiganiza kuti kabokosiko kayenera kugulidwa tsiku lomwelo, ngakhale zokuzira mauzo zidikire mwezi wina.

Magetsi a m'nyumba zathu ayenera kufika ndi mphamvu ya mavolti 230. Ambiri achokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mukumbukira kuti m'chaka cha 2022 namondwe Ana anaononga Kapichira, ndipo magetsi anali kuzima tsiku ndi tsiku. Kwathu ku Soche ana ankapfuula ndi chimwemwe magetsi akayaka, osadziwa kuti nthawi yomweyo ndiyo yoopsa. Magetsi pobwera nthawi zina alumpha kupitirira muyeso kwa kamphindi kochepa kwambiri, ndipo tizitsulo ta m'kati mwa wailesi tipsa. Mphenzi ikagwa pafupi ndi mawaya ichita chimodzimodzi.

Ena ati, "Pulagi yanga ili ndi fyuzi." Inde, koma fyuzi iduka pamene chinthu chikoka magetsi ambiri, kulumpha kwa kamphindi kupyola fyuziyo isanatenthe nkomwe.

Nchito imeneyi nja surge protector. M'kati mwache muli kanthu kochedwa varistor. Magetsi akakhala bwino kangokhala chete, koma akalumpha katsegula njira yina, mphamvu yopitirirayo nipatuka osafika ku wailesi. Njira imodzi ndiyo waya wopita pansi, wa mwendo wautali wa pulagi. Apa ndipo pali bvuto, pakuti nyumba zina za lendi zinalumikizidwa ndi munthu wosadziwa nchito, waya wapansi palibe. M'nyumba yotere kabokosi sikachinjiriza mokwanira, ndipo ayenera kuitana wamagetsi wa chiphaso. Dziwaninso kuti varistor itha mphamvu pang'onopang'ono pamene imenyedwa. Kanyali kache kakazima, mwatsala ndi soketi wamba.

Pali china chochedwa TV guard. Ichi chidula magetsi akakwera kapena akatsika koposa, ndipo akabwerera chiyamba chadikira pang'ono. Kwa ife a m'makomboni ndiona kuti nchofunika ndithu. Tsono kuli fyuluta yosefa magetsi, imene ichepetsa kulira kwa m'zokuzira mau pamene wowotcherera zitsulo ali pa nchito pafupi. Imeneyo agule amene ali nazo ndalama. Kulirako kusowetsa mtendere, koma sikupha wailesi.

Chenjerani pogula. Ekisitenshoni ya mabowo asanu ndi kanyali kofiira siiri mlonda ai, ngakhale wogulitsa alumbire. Werengani pa bokosi, inu ndinu ophunzira. Ndi chifukwa chache makolo alipira fizi.

Ndipo pa dzinja, ziphaliwali zikayamba pa phiri la Soche, palibe kabokosi kangalimbane ndi mphenzi yogwa pa nyumba. Zulani pulagi, zulaninso waya wa dishi kapena wa eriyo, chifukwa mphenzi ilowanso pamenepo. Ndipempha mkulu wa zamasangalatso pa sukulu pano achite chomwecho ndi wailesi ya m'holo mvula isanafike, ngakhale anyamata a mpira ang'ung'udze.