Usiku Umatalika kwa Munthu Wosagona

Kuno ku Lusaka, ukakamba zosamveka, anzako amafulumila kukuuza kuti, "Iwe ndiwe wa ku Chainama." Tonse timaseka, ndipo inenso nasekapo kambili. Koma nthabwala imeneyi yatipusitsa. Yatipangitsa kuganiza kuti wodwala maganizo ni uja cabe amene amayenda wosavala mu Great East Road, ndipo ife amene timasamba na kukwela basi m'mawa tili bwino. Pakati pa cipatala ca Chainama na munthu wa mtendele pali gulu lalikulu la anthu amene sagona, amene cakudya siciwakomela, amene amakalipila ana popanda cifukwa. Ukawafunsa kuti ali bwanji, amati, "Nili cabe."

Nimathandizako pa wailesi ya m'dela lathu, ndipo masiku ena nimakhala pa pulogilamu ya usiku imene anthu amatuma foni. Masana anthu amatuma kuti apeleke moni na kupempha nyimbo. Ikapitilila 22:00, nkhani zimasintha. Mnyamata wina anayamba na kufunsa za mpila, ndiyeno anangoti, "Ba mkulu, papita miyezi itatu sinigona bwino. Nili na kaloba." Mavuto a anthu amasiyana. Wina ni nchito, wina ni cikondi, wina ni malilo. Koma pafupifupi onse amachula tulo. Ndiye cifukwa cake nimakhulupilila kuti munthu wofuna kusamala maganizo ake ayenela kuyambila pa bedi.

Madokotala amati munthu wamkulu afunika kugona maola 7 mpaka 9. Ife timagona angati? Ma bundle a usiku ni ochipa, ndiye timakhala pa TikTok na Facebook mpaka 02:00, kuyang'ana mnzathu wa ku sukulu amene wajambulitsa ataimilila pa motoka imene mwina si yake n'komwe. Ena amayembekezela kuti gemu yothela pa tiketi ya bet ithe, ndipo timu imodzi ikawaphela tiketi, tulo tapita. Mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kubwela pakati pa usiku, tinazolowela kuuka 01:00 kuti tichaje mafoni na kusita zovala. Ambili a ife cizolowezi cimeneco sicinatisiye.

Vuto la kusagona ni lakuti limadzidyetsa lokha. Mutu wolema umakulitsa zinthu: uthenga umene mnzako sanayankhe umasanduka cidani, nkhongole ya K500 imaoneka monga phili. Nkhawa ikakula, tulo timathawa, ndipo mawa mutu umauka wolema kuposa dzulo. Ena amati ka botolo ka junta kamathandiza. N'zoona kuti mowa umakugwetsa msanga, koma umaononga tulo ta kum'bandakuca. Ndiye cifukwa cake womwa amauka 03:00 mtima uli kuthamanga, mavuto onse atakhala m'mbali mwa bedi kumuyembekezela.

Ine cimene cinanithandiza n'cocititsa manyazi kucikamba cifukwa n'caching'ono. N'nagula ka wochi ka alamu ku Kamwala, ndipo foni n'nayamba kuisiya pa shelefu ya mbale ikakwana 22:30, kupatulapo masiku a pulogilamu. Wiki yoyamba n'nali kugubuduka monga nsomba pa mcenga. Wiki yacitatu mlongo wanga ananifunsa cifukwa cake nasiya kuyambana na aliyense m'mawa.

Za kuyenda sinidzatalikitsa. Bungwe la WHO limati mphindi 150 pa wiki zogwilitsa nchito thupi n'zokwana, kutanthauza mphindi 30 kwa masiku asanu. Simufunika jimu ya apamwamba. Selukani basi pa siteshoni imodzi kapena ziwili musanafike, muyende pa dzuwa la m'mawa, ndipo mahedifoni akhale m'thumba.

Covuta kwambili ni kukamba. Ku Harare kuli dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, amene anaona kuti madokotala monga iye ni ocepa kwambili moti sangakwanitse dziko lonse. Anayambitsa Friendship Bench: anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsela, n'kuwakhazika pa mabenchi kunja kwa makiliniki. Vuto limene anthu amabwela nalo pa benchi amalichula m'Cishona kuti kufungisisa. Ife timati kuganiza maningi. Cimene cimanicititsa cidwi n'cakuti agogo aja sapeleka ndalama kapena mankhwala. Amamvetsela, ndipo amathandiza munthu kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo m'malo monyamula onse pamodzi.

Ife kumvetsela sitidziwa. Mnzathu akangoyamba kuti zinthu sizili bwino, timam'dula pakamwa: "Limba mtima, ndiwe mwamuna." Kapena, "Pemphela cabe." Pemphelo nilibe nalo mlandu, nimapemphela inenso. Koma nthawi zambili mau amenewo timawakamba kuti titseke nkhani, cifukwa ise eni ake taopa zimene tingamvele. Yesani kufunsa kawili. Akati "nili cabe," mufunseninso kuti, "Zoona?" ndiyeno mukhale cete. Kukhala cete kumeneko kumavuta, mudzafuna kutulutsa foni kapena kuyamba nkhani ya Arsenal. Pililani. Ndipo imwenso mukhale na munthu mmodzi, osati gulu la WhatsApp, amene mumamuuza zoona kamodzi pa wiki.

Nidziwa zimene ena akamba pamene awelenga izi: "Tulo silipila lenti." N'zoona. Munthu amene anatsiliza koleji zaka zinayi zapitazo ndipo akali kugona pa mpando kwa amalume ku Matero, vuto lake ni nchito, ndipo kumuuza kuti aziyenda m'mawa kungamveke monga cipongwe. Sinikamba kuti zizolowezi izi zimacotsa umphawi. Nikamba kuti kufunafuna nchito mu tauni ino ni ulendo wautali, ndipo amene amagwa panjila kambili si amene alibe nzelu, ni amene mutu walema. Pa zinthu zonse zimene boma, mabwana na alandilodi amalamulila, ola logona na munthu wokamba naye zikali m'manja mwanu.

Palinso malile. Ngati papita mawiki awili muli wosakondwa tsiku lililonse, zimene munali kukonda sizikukomelani, simudya, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, ka wochi ka alamu sikadzakwanila. Pitani ku kiliniki mukambe na anamwino monga mmene mungacitile na malungo. Kucokela mu 2019 dziko lathu lili na lamulo latsopano la thanzi la maganizo, limene linalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda, ndipo limati wodwala maganizo ali na ufulu wolandila thandizo mwaulemu. Nambala ya Lifeline, 933, ni yaulele, ndipo ya ana ni 116. Zilembeni mu foni lelo.

Mnyamata wa kaloba uja anatumanso patapita mwezi. Nkhongole inali ikalipo. Anati anauza amai ake zonse, anam'kalipila tsiku lathunthu, ndiyeno anakhala naye pansi kuwelengela zimene angabweze mwezi uliwonse. Usiku umenewo anagona maola asanu. Atatsiliza kukamba anapempha nyimbo.